Nkhope ya a Tobias pa Botolo la Chondepompo

Mbande za mpunga za a Enifa zinapsa popanda moto. Loweruka anazipopera mankhwala zili zobiriwira bwinobwino, kutatsala sabata ziwiri kuti aziwokere. Pofika Lolemba m'mawa, nazale yonse inali itafiira ngati udzu wa m'mbali mwa msewu mu Okutobala.

A Enifa anali mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo mbewu yawo yonse inali mu nazale imeneyo. Sanalire. Anazula mbande zodzaza dzanja, anatola botolo la mankhwalawo, n'kulunjika kwa mlongo wawo, a Tobias Makwinja. Sankapita kumeneko chifukwa cha chibale chokha. Pa botolopo panali nkhope ya a Tobias, akuseka mano onse pamtunda.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Chinali chaka cha 1998, chomwe kwacha inagwa chagada, feteleza n'kukwera mpaka alimi a m'chigwa cha Domasi ankangolipatsa moni thumba lake m'sitolo n'kudutsa. Mu Meyi, mpunga utacha, kunabwera munthu wa galimoto yoyera dzina lake Morton, wa kampani ina ya ku Limbe. Anati akufuna kujambula mlimi wachitsanzo. Kunena zoona, puloti ya a Tobias inali yabwino kuposa onse pa sikimu ya mpunga ya m'chigwamo. Iwo atangomva mawu akuti wachitsanzo, anathamangira kunyumba kukavala jekete ya pa ukwati wawo, n'kubwerera kukaima nayo m'matope. Morton anajambula, anawapatsa chipewa, n'kumapita.

Mu Novembala zithunzi zikuluzikulu zinamatidwa pachigayo, pagolosale, pasiteji ya minibasi, mpaka ku Naisi ndi ku Malosa. Zinatulukanso m'nyuzipepala. Pansi pa nkhopeyo panalembedwa kuti: "Ine Tobias Makwinja wa ku Domasi ndinasiya feteleza. Botolo limodzi la Chondepompo, matumba makumi atatu."

A Tobias sananenepo mawu amenewo. Botololo anali asanaligwirepo n'komwe. Mpunga wawo unkakoma ndi manyowa a m'khola komanso msana wa akazi awo, a Perpetua, omwe pa chithunzicho ankangooneka chigongono chokha m'mphepete.

Koma kutchuka n'kozuna. Anthu anayamba kuwavulira chipewa. Pamaliro ankawapatsa mpando wokhala ndi chotsamira. Wina akawafunsa ngati mankhwalawo amagwiradi ntchito, iwo sankavomera, sankakana. Ankangokonza kolala n'kunena kuti, "Maso muli nawo, chithunzi mwachiona." Pali bodza lina lomwe munthu amanena osalitchula, ndipo limayenda mtunda wautali kuposa linzake.

Ndiye Lolemba limenelo a Enifa anawapeza pakhonde, n'kuwaika mbande zakupsazo pamiyendo.

"Achimwene, ndiuzeni muyeso. Ine ndinathira monga analembera papepala. Inu munkathira bwanji kuti wanu usapse?"

A Tobias anatsokomola. Anayang'ana mbande, anayang'ana nkhuku, anafunsa ngati ana adzuka bwino. A Perpetua, omwe ankapeta mpunga pafupi, anaika lichero pansi.

"Bambo a Tikondane, ayankheni achemwali anu. Muyeso wa chipewa chija mukuudziwa. Wa botolo auzeni."

Choonadi chinatuluka ndi mawu aang'ono ngati a mwana wakuba shuga. A Enifa anamvetsera mpaka pamapeto. Sanatukwane. Anangowakumbutsa kuti Loweruka likubweralo Morton abwera ndi lole pamsika, ndipo kalabu yonse ya alimi, mabanja makumi anayi, inagwirizana kale kuti chaka chino igula Chondepompo m'malo mwa feteleza. A Enifawo anangofulumira kugula botolo limodzi ku Zomba pofuna kuti mbande zawo zikule msanga. Enawo akudikira lole. Akapopera onse, mbewu ina yofesanso aitenga kuti, Disembala akutha chonchi?

"Akugula nkhope yanu, achimwene, osati botolo," anatero a Enifa, nanyamuka.

Nkhani inafala dzuwa lisanafike pamutu, ndipo inagawa anthu pawiri. Ena ankati a Enifa analakwitsa muyeso, poti kuwerenga kumawavuta. Ankati nyuzipepala singalembe bodza, nanga boma lingalole? Ena, motsogozedwa ndi a Jonasi, wapampando wa kalabu, munthu wa mtima wapachala, ankati Loweruka Morton abwere ndithu, lole yake akaiona ili phulusa. A Jonasi anaitanitsa kale chigubu cha petulo. A Tobias nawo anali ndi nzeru yawo: anakumbukira mwadzidzidzi kuti ku Liwonde kuli msuweni wawo wodwala yemwe afunika kukamuona kwa mwezi wathunthu.

A Perpetua anabisa nsapato zawo zoyendera. Lachiwiri m'mawa anawatenga, ndi a Enifa omwe, kupita kwa mlangizi wa zaulimi, mayi Lukiya Mohamedi. A Jonasi anawatsatira osaitanidwa.

Mayi Lukiya anali atachenjeza kale alimi za mankhwala osadziwika, koma monga ananenera okha, sukulu yawo inagonja kwa jekete ya a Tobias. Anatembenuza botololo mbali zonse. Panalibe keyala ya kampani, panalibe mndandanda wa zomwe zili m'katimo, panalibe tsiku lothera mphamvu. Panali nkhope yokha ndi malonjezo. Anafunsa a Enifa ngati anasunga lisiti. Linalipo, lopindidwa kanayi m'nsonga ya chitenje. Kenako anapita kukaona nazale ija, nalemba zomwe anaona.

A Jonasi anati zolembalembazo n'zotaya nthawi, petulo sachedwa chonchi. Mayi Lukiya anawafunsa modekha kuti lole ikapsa, wodandaula kupolisi adzakhala ndani. Anawauza kuti mabotolo onse a umboni apsera momwemo, a Jonasi adzawokera mpunga wa kundende, pomwe Morton sabata yotsatira adzakhala akugulitsa ku Liwonde ndi nkhope yomweyo.

"Malamulo salola wamalonda kunamiza ogula," anatero. "Salolanso kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sanawanene. Njira ilipo. Tikapemphe chiletso ku khoti lalikulu."

A Jonasi anaseka. Anati mlandu wa malire a munda wa malume awo unatha zaka zitatu, ndipo Loweruka latsala masiku anayi.

"A Jonasi, ngalande ikagumuka, mumayamba mwakhala pansi kufunsana kuti wagumula ndani?"

"Ayi. Timayamba tatseka geti."

"Chiletso ndi geti imeneyo. Sichigamula mlandu. Chimangoimitsa munthu kuti asapitirize zomwe akuchita mpaka khoti limve mbali zonse. Pakakhala changu, woweruza akhoza kuchipereka tsiku limodzi. Koma khoti silimva mphekesera. Limafuna munthu wolumbira."

Onse anatembenukira kwa a Tobias. Mayi Lukiya anati ku Blantyre kuli bungwe loteteza ogula lomwe lili ndi loya, ndipo akhoza kuwaimbira lamya tsiku lomwelo. Koma mboni yaikulu ndi mwini nkhope. Akapanda kupita iwo, palibe choti n'kupitira.

A Tobias anayesa kudandaula za msuweni uja. A Enifa anawayang'ana m'maso.

"Amayi akumwalira anakusiyirani mbumba, achimwene. Ana anga akagona ndi njala, kwa amalume awo ndi kuti?"

A Tobias anafunsa komwe kunali nsapato zawo. A Jonasi anavomera kudikira, koma anati mpaka Loweruka belu la teni koloko basi. Likalira pepala la chiletsolo lisanafike, aliyense adziwa yekha.

Lachitatu a Tobias, a Enifa ndi mayi Lukiya anakwera minibasi. Ulendowo unali chilango chokwanira. Nkhope ija inawadikira pa Naisi, inawadikira pa depoti ya Zomba, inawadikiranso pa Thondwe. Kondakitala anawazindikira, anawapatsa mpando wakutsogolo, n'kuwauza kuti mayi ake kumudzi agulitsa mbuzi kuti agule mabotolo awiri. A Tobias anatsitsira chipewa kumaso. Patapita kanthawi anachikweza, n'kumuuza mnyamatayo chapansipansi kuti mbuziyo ayambe aisunga.

Loya wa bungwelo anali mayi Irene, wachichepere moti a Tobias poyamba anamufunsa kuti abwana ake abwera nthawi yanji. Iye sanakwiye. Anatenga botolo, lisiti, chithunzi chomwe anamatula pachigayo, tsamba la nyuzipepala ndi lipoti la mlangizi. Anati botololo alitumiza kukapimidwa, koma zotsatira sizingabwere Loweruka lisanafike, n'chifukwa chake chiletso chikufunika. Kenako anayamba kulemba umboni wa a Tobias.

Apa a Tobias anayesa kuidulira nkhani mapazi kuti ikwane nsapato. Anati zithunzizo anaziona koyamba Lolemba lapitali. Mayi Irene anaika cholembera pansi.

"Bambo, zithunzi zakhala pakhoma mwezi wathunthu, china chili pachigayo cha m'mudzi mwanu. Mukalumbira bodza, mlandu ukhala wanu. Ndiponso tikupempha chiletsochi a kampani kulibe, ndiye khoti limafuna timuuze woweruza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Akadzabwera enawo n'kuonetsa kuti munabisa kanthu, chiletso chidzachotsedwa, ndipo akhoza kukulipiritsani malonda omwe mwawaimitsira. Anthu akakufunsani za mankhwalawa, munkati chiyani?"

A Tobias anapukuta thukuta, n'kunena mawu aja a maso ndi chithunzi. Mayi Irene anawalemba momwemo. Analembanso za jekete ndi za chipewa. A Tobias anapempha kuti mwina za jekete zikhale, koma zinalowa. Walira mvula walira matope.

Lachinayi analumbira, a Tobias n'kusaina, a Enifa n'kudinda chala, mapepala n'kukaperekedwa kukhoti. Lachisanu anakhala pabenchi panja kuyambira m'mawa. Woweruza anali ndi milandu ina. Nkhomaliro inadutsa. Folo koloko itakwana, ogwira ntchito ena atayamba kutseka mawindo, a Enifa anafunsa ngati khoti limatsegula Loweruka. Mayi Lukiya anapukusa mutu. Patangopita mphindi zochepa, mayi Irene anatuluka ndi pepala la chidindo chofiira.

Anawawerengera m'Chichewa. Kampaniyo, Morton ndi aliyense wowagwirira ntchito aletsedwa kugulitsa Chondepompo, komanso kutsatsa malonda ndi dzina kapena nkhope ya a Tobias, kwa masiku khumi ndi anayi, mpaka mbali zonse zimvedwe. Koma anawachenjeza kuti pepala silimanga munthu lili m'chikwama. Liyenera kufika m'manja mwake. Mthenga wonyamula zikalata za khoti anathamangira ku Limbe, anafunsa njira, n'kupeza kachipinda ka kampaniyo kali ndi loko wamkulu ngati papaya. Malo okhawo odziwika omwe Morton akanapezeka anali msika wa Domasi, m'mawa mwake.

Loweruka minibasi yomwe a Tobias, anzawo ndi mthengayo anakwera inachedwa kudzaza ku Limbe, ndipo inaphulika tayala pa Namadzi.

Ku Domasi lole inafika eyiti koloko, chimkuzamawu chikulira, nkhope ya a Tobias itapachikidwa pansalu yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Morton anali atamva za nazale ija. Anauza anthu kuti mayi wina anathira mankhwala a ekala yathunthu pa kanazale kamodzi, ndipo ngakhale mchere ukachuluka umawononga ndiwo. Anthu anaseka, n'kuima pamzere.

Pansi pa mtengo wa mango panali a Jonasi ndi anzawo asanu, maso ali pa wotchi, chigubu chili pakati pawo. A Perpetua anafika ndi dengu lawo, anapereka moni mwaulemu, anadandaula kuti miyendo ikuwawa, n'kukhala pa chigubupo.

Naini koloko inadutsa. Mabotolo anayamba kutsika mulole. Mkulu wina wa mpingo anagula atatu, nawamanga bwino pa keliyala ya njinga. Belu la teni litalira, a Jonasi anaimirira n'kupempha a Perpetua kuti asunthe.

"Amene akufuna petuloyu ayambe wandinyamula ine," anayankha a Perpetua. "Ndipo akauze akazi ake kuti wanyamula mkazi wa mwini pamsika."

Palibe anatambasula dzanja. A Jonasi anazungulira mtengo kawiri, akupumira m'mwamba. Mmodzi wa anzawo anatola mwala. Wina anati machesi okha akwana, nsalu ija siivuta kuyaka, n'kuyamba kuyenda kulunjika kulole.

Nthawi yomweyo minibasi inaima pamsewu. Anatsika mayi Lukiya, a Enifa, mthenga uja, kenako a Tobias. Mayi Lukiya anathamangira kukaitana wapolisi wa pamsika. Mthenga anadutsa pakati pa mzere, anafunsa Morton dzina lake, n'kumuika pepala m'manja.

Morton anayamba ndi kuseka. Anati mapepala iye amawaona tsiku lililonse. Atafika pa chidindo, kuseka kunachepa. Mthenga anamuuza pamaso pa wapolisi kuti kuyambira mphindi imeneyo, botolo limodzi lokha likagulitsidwa, kumeneko n'kunyoza khoti, ndipo mathero ake akhoza kukhala ndende. Morton anazimitsa chimkuzamawu.

Mukuganiza anthu anaombera m'manja? Anakwiya. Anazungulira mthenga uja n'kumati iyi ndi nsanje ya ogulitsa feteleza, safuna wosauka apeze chotchipa. Mkulu wa mpingo uja anakumbatira mabotolo ake n'kunena kuti khoti laletsa kugulitsa, silinaletse kupopera, ndipo iye apopera madzulo omwewo. Pepala linamanga manja a Morton, koma mabotolo omwe anali atagulidwa kale linalibe nawo mphamvu.

A Tobias anayang'ana a Enifa. Kenako anakwera pa kireti, pansi penipeni pa nkhope yawo yaikulu ija, n'kuvula chipewa.

"Abale anga, munthu ali pansaluyu ndine. Mpunga uli pambuyo pakewo ndi wanga. Koma mawuwo si anga. Chondepompo sindinathirepo ngakhale dontho. Munkandifunsa, ine n'kumakuyankhani mozungulira chifukwa ulemu wanu unkandikomera. Ndinakunamizani. Ndalumbira zimenezi kukhoti, ndipo ndikuzinenanso pano. Woyamba kupsa ndi mlongo wanga. Musapopere."

Wina kumbuyo anafunsa kuti nanga matumba makumi atatu aja anachokera kuti.

"Anali khumi ndi limodzi," anatero a Perpetua ali pa chigubu pompo. "Ndinasoka ndine."

Ena anaseka, ena anatukwana, ndipo a Tobias anaima pomwepo n'kulandira zonse. A Enifa anamasula mbande zakupsa zija n'kuziyendetsa m'manja mwa anthu. Mlimi safuna loya kuti amuuze tanthauzo la mbande yofiira. Mkulu wa mpingo anamasula mabotolo ake pang'onopang'ono n'kufuna kuwaswa pamwala, koma mayi Lukiya anamugwira mkono. Anati aliyense amene wagula asunge botolo ndi lisiti, alembetse dzina, chifukwa umenewo ndi umboni wodzafunira chipukutamisozi mlandu ukamadzazengedwa. Morton anatsitsa nsalu yake yekha, wapolisi akuyang'ana, ndipo lole inabwerera ndi katundu wake. Petulo uja a Jonasi anakamubweza kwa mwini njinga yamoto yemwe anawabwereka.

Masiku khumi ndi anayi atakwana, mbali zonse zinakaonekera kukhoti. Zopima zija zinali zitabwera: madzi, mchere wambiri ndi utoto wobiriwira. Woweruza analamula kuti chiletso chipitirire mpaka mlandu wonse udzathe, ndipo zithunzi zonse zimatulidwe.

Pa mabanja makumi anayi aja, kupatula la a Enifa, palibe ngakhale limodzi linapopera. Nthawi yowokera itafika, banja lililonse linapatula mtolo umodzi wa mbande n'kukatula papuloti ya a Enifa. Wowokera anali a Tobias, masiku atatu ali chiweramire, odutsa akuwafunsa ngati pakufunika wojambula. Mu Meyi a Enifa anakolola, ndipo ana awo anadya mpunga wa m'munda mwa mayi awo.

Tsono inu owerenga, mawu ake ndi awa. Malonda akakulonjezani zodabwitsa, kaya pakhoma, pawailesi, m'nyuzipepala, kapena pafoni monga zikuchitikira masiku ano, musagule chifukwa cha nkhope yomwe mukuidziwa. Onani ngati pali keyala ya kampani ndi zomwe zili m'katimo, ndipo funsani mlangizi kapena wina wodziwa. Mukanamizidwa, musaswe kanthu, musatenthe kanthu. Sungani katunduyo, lisiti ndi pepala la malondalo, mupite nazo msanga ku bungwe loteteza ogula kapena kwa loya. Khoti likhoza kuimitsa wabodza asanawononge ena, koma limayamba ndi munthu mmodzi wolimba mtima kunena zoona zonse, ndi zomuchititsa manyazi zomwe. Ndipo ngati dzina lanu likugulitsa bodza, musadikire kuti lipsereze m'bale wanu. Kanani tsiku loyamba lomwelo.